Kusankha wosoka thanga la kutsogolo ndi furler ya boti loyendera maulendo

Thanga la kutsogolo ndi chitsulo cholikulungira, chomwe amalinyero amangoti furler, zimagulidwa kwa anthu awiri osiyana, koma zikafika pa boti zimagwira ntchito ngati chinthu chimodzi. Ambiri amalakwitsa poyambira. Thanga lakale likang'ambika amathamangira kuitanitsa latsopano, furler n'kudzagula pambuyo, kenaka n'kupeza kuti thanga latalika ndi masentimita 30 kapena mkombero wake sukulowa m'ngalande ya paipi. Yambani ndi waya wa kutsogolo, kenaka furler, kenaka miyeso. Wosoka matanga mumulipira pomaliza.

Waya wa kutsogolo

Waya uyu, forestay, ndi amene amagwira mlongoti kuti usagwere kumbuyo. Mukamuveka mapaipi a furler simudzamuonanso, ndiye timawaya take tikayamba kuduka simudziwa. Pa maboti oyendera maulendo amakhala waya wosachita dzimbiri wa 1x19, wopotedwa ndi timawaya 19, ndipo makampani ambiri a inshulansi amafuna kuti asinthidwe akakwana zaka 10. Ngati wanu wapitirira zaka zisanu ndi ziwiri, kapena simukudziwa msinkhu wake, musinthireni limodzi ndi furler. Mtengo wa waya ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito yophwasulanso zonse chaka chamawa.

Yezani kunenepa kwake ndi vernier, kachipangizo koyezera mamilimita, osati ndi maso, chifukwa 7 mm ndi 8 mm zimaoneka zofanana. Yezaninso mapini a pamwamba ndi a pansi, komanso utali wa waya kuchokera pakati pa pini ya pamwamba kufika pakati pa pini ya pansi, boti lili lomangidwa monga limakhalira pa ulendo. Ikani chizindikiro cha tepi pa turnbuckle, chitsulo chokungira waya, musanamasule.

Mbali zonse ziwiri za waya pakhale toggle, kachitsulo kolola waya kupendekera kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Waya wovala furler amagwedezeka kwambiri, ndipo thanga likadzaza mphepo amakhotera m'mbali. Popanda toggle kukhota konseko kumathera pamene waya walowera mu terminal, chitsulo chogwira nsonga yake, ndipo ndi pomwepo pamene amadukira.

Furler yeniyeniyo

Ili ndi zigawo zitatu. Pansi pali dramu yokulungapo chingwe. Pakati pali mapaipi a aluminiyamu olumikizana, okhala ndi ngalande yolowamo mkombero wa thanga. Pamwamba pali swivel, yomwe mbali yake ya m'munsi imazungulira limodzi ndi thanga pomwe ya m'mwamba imaima ndi chingwe chokwezera thanga, halyard.

Saizi musaisankhe poyang'ana utali wa boti wokha. Opanga amaika malire a kunenepa kwa waya, utali wake, kukula kwa pini ndi kulemera kwa boti. Mwachitsanzo Furlex 204S ndi ya waya wa 6, 7 kapena 8 mm, pomwe 304S ndi ya 8 kapena 10 mm. Waya wa 8 mm akupezeka m'masaizi onse awiri, ndiye apa ndi pofunika kuganiza. Boti lolemera, lonyamula madzi, mafuta ndi katundu wa masabata angapo, kapena catamaran (boti la matupi awiri) yomwe siipendekeka n'kutaya mphepo, tengani saizi yaikuluyo. Dramu yaikulu imapepukitsanso kukoka.

Mayina odalirika ndi ochepa: Furlex ya kampani ya Seldén ya ku Sweden, Harken ya ku America, Profurl ndi Facnor za ku France. Zonsezi zimagwira ntchito bwino zikaikidwa bwino, ndipo mkangano woti yabwino ndi iti sufika patali. Kusiyana kofunika kuli pa zinthu ziwiri. Choyamba, Furlex imabwera ndi waya wake watsopano, terminal yake, chingwe chokulungira ndi timabuloko (timagudumu) toyendetsa chingwecho, pomwe Harken ndi Profurl zimatha kuvekedwa pa waya amene alipo kale. Mukamayerekeza mitengo onjezerani zosowazo. Chachiwiri ndi ma bearing, tizida ta mkati tothandiza furler kuzungulira mosavuta. A Harken ndi a pulasitiki yolimba ya Torlon, osafuna girisi, ongotsukidwa ndi madzi abwino. A Furlex ndi achitsulo chosachita dzimbiri, ofuna kutsukidwa ndi kupakidwa girisi wake. A Profurl ndi otsekeredwa mkati ndi girisi wawo, osafuna chisamaliro, koma chotsekeracho chikatha madzi amalowa ndipo mumasintha bearing yonse.

Funso lalikulu kuposa dzina ndi la zida zosinthira. Swivel ikawonongeka zaka zisanu ndi zitatu zikubwerazi, mudzaipeza kuti? Amene boti lawo lili pa Nyanja ya Malawi, kaya ku Cape Maclear, Senga Bay kapena Nkhata Bay, zida zotere amaitanitsa kunja, kawirikawiri ku South Africa. Sankhani mtundu womwe uli ndi wogulitsa wokhazikika kumeneko. Sankhaninso terminal yomanga ndi masipanala, monga Sta-Lok kapena Hi-MOD, osati yofinyidwa ndi makina. Yomanga ndi masipanala mutha kuidulira waya ndi kuimanga pa gombe pomwepo. Mapaipi amabwera m'zidutswa za mamita awiri ndi pang'ono, choncho amanyamulika pa galimoto. Itanitsani paipi imodzi yapadera ndi zolumikizira zake, chifukwa paipi ya pamwamba imadulidwa kuti ikwane, ndipo mukaidula molakwika ntchito yonse yaima.

Tsiku lomasula waya, mlongoti uyambe wagwiridwa. Tengani ma halyard awiri, muwamange ndi mfundo pa chitsulo cholimba cha kutsogolo, osadalira shackle (kachitsulo kolumikizira) yotseguka ndi chala, muwakoke ndi winch (chopukusa chokokera zingwe), kenaka mufewetse waya wa kumbuyo. Mapaipi alumikizireni pansi pamalo osalala, ndipo powakweza pakhale anthu atatu kapena anayi kuti asapindike polumikizira. Mankhwala omatira masikuluwu omwe buku la furler lanena, pakani ndithu. Sikuluwu imodzi ikatuluka theka, swivel imakodwa pomwepo ndipo thanga silitsika.

Pamwamba pa mlongoti, pomwe furler zambiri zimafera

Mukakoka chingwe, paipi imazungulira, ndipo swivel imayesa kukokera halyard kuti izungulire nayo. Choiletsa ndi kupendekeka kwa halyard. Ngati halyard ikuchoka pa swivel motsatana ndi waya, palibe choigwira, ndiye imazengerera pa paipi. Furler imauma. Munthu amene sakudziwa amaika chingwe pa winch n'kupukusa, ndipo mphamvu yonseyo imakapota waya pamwamba, timawaya take n'kumasuka ngati dengu lophwasuka. Waya wotero amaduka, mlongoti n'kugwa.

Kupewa kwake kuli pawiri. Halyard ichoke pa swivel itapatukana ndi waya ndi madigiri 5 mpaka 10, yolozera ku mlongoti. Ngati gudumu la pa mlongoti lomwe halyard imadutsapo lili pafupi kwambiri ndi pomangirira waya, ikani kachitsulo kolondolera halyard pa mlongoti, m'munsi pang'ono mwa gudumulo, kuti chingwe chizitsika kaye chisanapite ku swivel. Madigiri akachuluka kwambiri ndi vutonso, chifukwa halyard imakokera swivel kumbuyo n'kumakhula paipi.

Chachiwiri, swivel ifike pafupi ndi nsonga ya paipi nthawi zonse, kuti halyard yoonekera ikhale yaifupi. Thanga lalifupi, monga jib yaing'ono ya nyengo ya mphepo, limasiya swivel pansi ndi halyard yaitali yolendewera. Thanga lotere limafuna kachingwe kowonjezera ka Dyneema (ulusi wolimba kwambiri) kapena waya, komangidwa kumutu kwake kapena pansi pake, kuti utali wonse ufanane ndi wa thanga lalikulu. Uzani wosoka akasokerere kachingweko pa thanga, kasamachoke. Ma halyard ena osagwira ntchito, makamaka a spinnaker (thanga lalikulu lopepuka loyendera kotsatira mphepo), amangeni kutali ndi swivel.

Mukamaliza, wina akwere kapena muyang'ane ndi mabainokyula wina akukulunga. Mbali ya m'mwamba ya swivel isasunthe.

Chingwe chokulungira ndi mbali yozungulirira

Pa boti la mamita 9 mpaka 11 chingwe cha 8 mm chimakwana. Chonenepa chimakoma m'manja koma chimadzaza dramu thanga lisanatambasuke lonse. Buloko loyamba liikidwe pamalo oti chingwe chizilowa mu dramu mopingasa waya ndendende, madigiri 90. Likakwera kapena kutsika, chingwe chimaunjikana mbali imodzi n'kudzipana chokha.

Mbali yomwe chingwe chikutulukira ndi imene imanena mbali ya thanga yokhala kunja likakulungidwa, ndipo wosoka ayenera kuidziwa asanasoke nsalu yoteteza dzuwa. Mutaima kumbuyo n'kuyang'ana kutsogolo, chingwe chikamatuluka kumanzere kwa dramu, mbali ya kumanja ya thanga ndi imene imakhala kunja, ndiye nsalu yotetezayo isokedwe kumanja. Chikamatuluka kumanja, isokedwe kumanzere. Zikasemphana, nsalu yoteteza imabisala mkati, dzuwa n'kumawotcha thanga lenilenilo, ndipo ambiri sazindikira mpaka m'mphepete mutayamba kung'ambika.

Thanga likakulungidwa mothina, zingwe zake zowongolera zitalizungulira kawiri, mu dramu mutsale mizere itatu mpaka isanu ya chingwe. Mphepo yamphamvu imakulungitsa thanga mothina kuposa tsiku la bata, ndiye pamafunika mizere yambiri. Chingwe chikathera m'njira, kansonga ka thanga kamatsala panja kakukupiza.

Miyeso

Manambala a m'kabuku ka boti ndi ongofunsira mtengo, osati odulira nsalu. Maboti akale ambiri anasinthidwapo mlongoti kapena mawaya. Awiri ofunika kwa thanga la kutsogolo ndi I, kutalika kuchokera pa deki kufika pomwe waya wakumana ndi mlongoti, ndi J, mtunda wochokera kumaso kwa mlongoti kufika pomwe waya wamangidwa kutsogolo.

Furler itaikidwa ndipo waya wa kumbuyo atakungidwa, mangirirani tepi yosatamuka pa shackle ya m'munsi ya swivel, pamodzi ndi kachingwe kodzaitsitsira. Kwezani mpaka swivel itafika pothera, muwerenge pa shackle ya pa dramu. Nambala imeneyi ipatseni wosoka momwe iliri, ndipo mulembe kuti simunachotsereko kanthu. Iye ndi amene amachotsera malo oti nsalu idzatamukire. Mukachotsera nonse awiri thanga lifupika, mukapanda kuchotsera nonse simudzatha kulikunga. Tepi ili pamwamba pomwepo, yezaninso kufika kumayambiriro ndi kumapeto kwa njanji yoyendamo buloko la chingwe chowongolera. Kenaka yezani kuchokera pa dramu kufika malo awiri omwewo, kutalika kwa polowetsera thanga m'ngalande, ndi kutalika kwa zitsulo zotchinga kutsogolo. Lembani mtundu ndi saizi ya furler, popeza mkombero wolowa m'ngalande, luff tape, umasiyana. Nthawi zambiri ndi 5 mm kapena 6 mm, ndipo milimita imodzi yokhayo imakwanira kuti thanga likane kukwera kapena lizisolokamo. Jambulani zithunzi za chilichonse mwayeza.

Kukula kwa thanga

Kukula kwa genoa, thanga la kutsogolo lofika mpaka kupitirira mlongoti, kumatchulidwa m'maperesenti. Amayeza mtunda waufupi kwambiri kuchokera pa ngodya ya kumbuyo, clew, kufika ku mkombero wa kutsogolo, n'kuuyerekeza ndi J. Titenge boti la mamita 10 lomwe J wake ndi mamita 3.8 ndipo mkombero wa kutsogolo ndi mamita 12.7. Genoa ya 135% ili ndi mtunda wa mamita 5.13, ndipo kukula kwake ndi 12.7 kuchulukitsa ndi 5.13, kugawa pawiri, pafupifupi masikweya mita 32.6. Ya 110% ndi pafupifupi 26.5.

Anthu amakopeka ndi thanga lalikulu poganiza kuti mphepo ikakula angokulungako. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Thanga lili ndi mimba pakati, ndipo paipi yowongoka imakulunga m'mwamba ndi m'munsi mothina, pakati n'kusiya nsalu yotayirira. Mukapitirira kukulunga gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu, chotsalacho chimakhala thumba lopendeketsa boti osaliyendetsa molunjika kumphepo. Komanso nsalu yopepuka yoyenera thanga lalikulu siingapirire mphepo yomwe mwakulungirayo. Mphamvu ya mphepo pa nsalu imakwera kanayi liwiro likawirikiza kawiri, choncho ma knot 20 (knot ndi muyeso wa liwiro) amakoka kanayi kuposa ma knot 10.

Sankhani motengera mphepo yomwe mumayendamo masiku ambiri. Kumene mphepo imakhala yofatsa, 130% kapena 135% ndi yabwino. Pa Nyanja ya Malawi m'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, pomwe mphepo imatsata utali wa nyanja n'kuutsa mafunde aafupi ndi ophompheka, thanga la 105% mpaka 115% limayenda bwino, silivuta potembenuka, ndipo limalola woyendetsa kuona kutsogolo. Izi n'zofunika m'madzi odzaza mabwato ndi maukonde. Pemphani clew yokwera pang'ono kuti mafunde asamadzaze m'munsi mwa thanga. Masiku a bata mutha kudzagulira thanga lina lopepuka la nayiloni.

Nsalu ndi kasokedwe

Kwa boti loyendera maulendo, Dacron (nsalu ya poliyesita) yolukidwa, yodulidwa mopingasa, ndi imene imapirira nkhanza, imasokeka ndi makina wamba olimba, ndipo siidula. Nsalu zomatidwa m'magawo zimasunga maonekedwe a thanga bwino, koma zikakhala zokulungidwa zili zonyowa kumalo otentha zimachita chuku pakati pa magawo, ndipo guluu akatha zimasendeka. Pakatikati pali nsalu zolukidwa ndi ulusi wa Dyneema monga Hydra Net, zolimba koma zodula.

Mawu oti Dacron okha sanena kanthu. Kampani imodzi imapanga nsalu zamagiredi angapo zolemera mofanana, ndipo yotchipa imalimbitsidwa ndi utomoni wambiri m'malo mwa kulukidwa mothina. Ili yatsopano imakhala yolimba bwino, utomoni ukasweka imatamuka. Wosoka alembe dzina la wopanga nsalu, monga Dimension-Polyant, Contender, Challenge kapena Bainbridge, dzina la giredi yake ndi kulemera kwake. Kulemera kumatchulidwa m'ma ounce a osoka matanga, ndipo ounce imodzi ndi pafupifupi magalamu 43 pa sikweya mita. Pa boti la mamita 10, thanga lokulunga limafuna ma ounce 7 kapena 8.

Nsalu yoteteza dzuwa imasokedwa m'mphepete mwa kumbuyo ndi mwa pansi. Ya acrylic monga Sunbrella ndi yolemera koma imakhalitsa. Dacron yopyapyala yopakidwa mankhwala ndi yopepuka koma imatha msanga, ndipo kuno kwathu dzuwa silichita nthabwala, tengani ya acrylic. Ikhale yotambalala mokwanira kuphimba thanga lonse ngakhale litakulungidwa motayirira, ndipo iphimbenso malamba a kumutu ndi a pa clew. Chomwe chimayamba kufa ndi ulusi, osati nsalu. Ulusi wa pulasitiki ya PTFE monga Tenara suwola ndi dzuwa, ndipo ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera pa misoko ya nsalu yotetezayi.

Pemphaninso izi: thovu (siponji yopyapyala) kapena tizingwe tosokeredwa kuseri kwa mkombero wa kutsogolo kuti tizidya mimba ya thanga pokulunga, malamba kumutu ndi pansi m'malo mwa mphete zachitsulo kuti likulungike mosalala, zigamba pomwe thanga limakhula mikono ya mlongoti yotambasula mawaya a m'mbali, tizingwe tokungira m'mphepete tofikirika muli chiimire pa deki, ndi zizindikiro ziwiri kapena zitatu m'munsi zosonyeza pokulungira. Thovu likhale losamwa madzi, apo ayi lidzakhala nyumba ya chuku.

Wosoka

Pali osoka amene amabwera pa boti kudzayeza okha ndi kudzakweza nanu thanga, ndipo pali mafakitale akutali amene amasoka potengera fomu yomwe mwadzaza. Oyambawo amadula, koma thanga likapanda kukwana mlandu ndi wawo. Achiwiriwo, monga Rolly Tasker ku Phuket, amatchipa, koma tepi munagwira ndinu. Makampani ambiri otchuka nawonso amajambula thanga kwawo n'kukasoketsa kutali, monga Hyde yomwe fakitale yake ili ku Cebu. Zimenezo si vuto. Chofunika ndi kudziwa amene adzakonze cholakwika, komanso wolipira ulendo wobweza thanga. Kwa ife a kum'mwera kwa Africa, mafakitale akuluakulu apafupi ali ku Cape Town, kumene kuli North Sails ndi Ullman Sails.

Tumizani kalata imodzimodzi kwa osoka atatu, yokhala ndi mtundu wa boti, kulemera kwake, kumene mumayenda, mphepo ya kumeneko, chiwerengero cha anthu oyendetsa, mtundu wa furler, peresenti yomwe mukufuna ndi zowonjezera zonse. Wosoka wabwino amabweza mafunso, ndipo nthawi zina amakutsutsani pa kukula kwa thanga. Amene wangotumiza mtengo m'mphindi khumi osafunsa za njanji kapena mbali yozungulirira dramu akugulitsani thanga la boti la wina. Poyerekeza mitengo yambani ndi masikweya mita, chifukwa wotchipa mwina wangochepetsa thanga. Kenaka onani nsalu, mizere ya misoko, kukula kwa zigamba za m'ngodya, ndi ngati nsalu yoteteza dzuwa ndi thovu zili m'mtengomo. Onjezani mtengo wonyamulira ndi msonkho wolowetsera katundu, womwe muyenera kufunsiratu kwa wothandiza za kasitomu. Ambiri amafuna theka la ndalama poyamba. Musanalipire, akutumizireni chojambula cha thanga chokhala ndi miyeso yonse, muchiyerekeze ndi boti, ndipo tsiku lomaliza ntchito lilembedwe.

Thanga likafika

Sankhani m'mawa wa bata, boti litaloza kumphepo. Tsukani ngalande ya paipi, ndipo wina azilondolera mkombero polowera pomwe wina akukweza pang'onopang'ono. Kungani halyard mpaka makwinya opingasa atangotha, osapitirira, chifukwa halyard yokungika kwambiri imapana ma bearing. Yang'anani pamwamba: swivel ikhale pafupi ndi nsonga koma isagunde chotsekera. Ikagunda nsalu isanakungike, thanga ndi lalitali, ndipo libwerere kwa wosoka lisanagwire ntchito.

Kulungani ndi kutambasula kangapo. Potambasula gwirani chingwe chokulungira kuti chizilowa mu dramu chili chokungika pang'ono, chifukwa mukachitaya thanga limatuluka mwaphuma, chingwe n'kupiringizika mkati. Pokulunga, chingwe chowongolera chikhale ndi mphamvu pang'ono kuti mkulungo uthine. Pa boti la mamita 10 dzanja liyenera kukwanitsa. Likakanika, yang'anani pamwamba, yang'anani mu dramu, onani ngati waya wa kumbuyo wafewa n'kusiya mapaipi atakhota, ndipo musakhudze winch musanapeze chifukwa. Mphepo ikakhala yambiri, tembenuzirani boti kotsatira mphepo kuti thanga lalikulu la pa mlongoti litchinjirize la kutsogolo, mukatero likulungika mopepuka.

Kenaka tulukani pa mphepo yapakatikati, mukulunge kufika pa chizindikiro choyamba. Clew imasunthira kutsogolo ndi m'mwamba, ndiye buloko la pa njanji lisunthirenso kutsogolo, apo ayi m'mwamba mwa thanga mumatseguka n'kumakupiza mpaka misoko kutha. Pezani malo a buloko oyenera chizindikiro chilichonse, muwalembe pa njanji ndi penti. Jambulani thanga muli pansi pake kuyang'ana m'mwamba, mutumize zithunzizo kwa wosoka sabata yomweyo pamodzi ndi chilichonse chomwe sichinakhale bwino.

Genoa yokulungidwa mpaka kutsala kansalu si thanga la namondwe. Imakhala pamwamba ndi patsogolo kwambiri, ndipo chingwe cha 8 mm chija chikaduka thanga lonse limatambasuka nthawi imodzi. Ngati mumapita kutali ndi kobisala, funsani wosoka yemweyo mtengo wa jib yaing'ono ya namondwe, yokwezedwa pa waya wachiwiri wochotseka kuseri kwa furler, ndipo pomangirira waya ameneyo pa deki palimbitsidwe kuchokera pansi.